Kodi kagalasi kameneka amakalowetsa bwanji m'diso? Ndithandizeni abale

MwanaWachisanu
Abale muno mu gulu ndithandizeni maganizo mutu wanga waima. Amayi anga ali ndi ng'ala maso onse awiri, lakumanja ndiye latheratu amangodziwa kuti uku kwacha uku kwada basi, ukaima patsogolo pawo amakuzindikira ndi mawu. Adokotala anena kuti achite opaleshoni, achotse ng'alayo aikemo kagalasi kapulasitiki. Nde vuto lili apa, ine ndinawerenga kuti masiku ano kuli mashini, amaboola pang'ono kwambiri nkulowetsa kagalasiko ndi chinthu chokhala ngati jakisoni. Koma adokotalawa akuti kwa amayi sagwiritsa mashiniwo, acheka pokulirapo ndi manja nkuika kagalasi kolimba ndi kopanira. Mtima wanga sukukhazikika, ndikuona ngati akutipatsa zachikale. Alipo amene akuzidziwa zida zimenezi? Kagalasi kamalowa bwanji poti diso ndi kanthu kakang'ono chonchi? Ndipo chonde osandiuza kuti ndingopemphera, kupempherako ndikupemphera kale, pano ndikufuna kumvetsa.

Zamakono24
Akukupusitsani achimwene. Pitani kwina akachite ndi mashini. Zaka zino munthu nkumachekedwa diso ndi mpeni zoona?

MwanaWachisanu
Ndine mkazi inu kkkk koma ndamva

NesiWakuFiyeta
Dikirani kaye a Zamakono24 musathamange. Ine ndagwira ku fiyeta ya maso zaka zambiri, ndine amene ndimayala zida patebulo nkumapatsira dokotala, nde lekani ndifotokoze kuti achemwaliwa amvetse.

Poyamba ng'ala si chinthu chomera pamwamba pa diso ngati mmene ambiri amaganizira ayi. Mkati mwa diso, kuseri kwa mwana wa diso, muli lenzi yachibadwa ndipo imakhala mu kathumba kopyapyala koonekera. Lenzi imeneyi ikachita mbuu ndiye ng'alayo. Ntchito yonse ya opaleshoni ndi kutsegula kathumbako kutsogolo, kutulutsa lenzi yowonongekayo, kathumba nkukasiya komweko, kenako nkuikamo lenzi yopanga. Kathumbako ndiye nyumba ya kagalasi katsopano.

Kagalasiko pakati pake mpozungulira mamilimita 6, ndipo kali ndi timiyendo tiwiri topindika timati ma haptic, konseko ndi timiyendo tomwe kamafika mamilimita 13 kapena kuchepera pang'ono. Timiyendoto ndi timene timatsamira m'mbali mwa kathumba kuti kagalasi kakhale pakati osasuntha.

Tsopano chida chimatengera mtundu wa kagalasi. Kakakhala kofewa, ka acrylic kapena silicone, kamapindika. Timakaika mu kachubu kotchedwa cartridge titathiramo jeli, nkulumikiza ku injector, dokotala amalowetsa kukamwa kwa kachubuko pa bala la mamilimita 2.2 mpaka 2.8 nkumakankha pang'onopang'ono, kagalasi kamatuluka katakulungidwa ngati mkeka kenako nkumafunyululuka kokha mkati mwa diso. Ma injector ena ndi okankha ngati sirinji, ena ndi opotokola ngati sikuluwu, opotokolawo amafuna manja awiri koma ubwino wake kagalasi sikatulukira mwadzidzidzi. Ena amabwera kagalasi kali kale mkati kuchokera ku fakitale, palibe amakakhudza.

Kakakhala kolimba, ka PMMA, sikapindika olo pang'ono, nde bala liyenera kukula kuposa kagalasiko, mamilimita 6 kapena 7. Apo dokotala amakagwira ndi kopanira kopindika kukamwa, ife timangoti McPherson, amalowetsa kamwendo koyamba mu kathumba, kenako amatenga kangowe kakang'ono, Sinskey hook, nkukazunguliza mpaka kamwendo kachiwiri katalowa. Basi. Njira zonse ziwiri kagalasi kamakathera malo amodzimodzi.

Wamantha_Ine
Ine ndawerenga mpaka pa "kangowe" ndasiya maso anga ayamba kutuluka misozi

AgogoAPaIntaneti
Mwanawe iwe nesi ndiyankhe ichi, nzoona kuti diso amalitulutsa nkuliika m'mbale akatha nkulibwezera? Nkhani imeneyi ndinaimva kalekale mpaka lero sindinapeze wondiuza zoona.

NesiWakuFiyeta
Ayi agogo, bodza lenileni limenelo. Diso ndi lomangirira ku ubongo ndi mtsempha, komanso pali minofu isanu ndi umodzi yoligwira, mukalitulutsa silibwereranso. Chimene anthu amaona ndi kawaya kotsegula zikope, speculum, kuti munthu asaphethire. Diso likakhala yuu chonchija limaoneka ngati latuluka koma lili mmalo mwake.

Zamakono24
Chabwino anesi koma mwanena nokha, 2.2 ndi 7. Ana a sukulu omwe akudziwa kuti chachikulu nchiti. Bala laling'ono limapola msanga, palibe zokambirana apa.

DokoWophunzira
A Zamakono24 masamu anuwo ali bwino koma mwasiya chinthu chimodzi, simunafunse kuti ng'alayo ndi yotani. Achemwali anena kuti diso lakumanja mayi amangoona kuwala kokha. Ng'ala yofika pamenepo nthawi zambiri imakhala yokhwima, ina yoyera mbee ina yabulauni mwinanso yakuda, ndipo mtima wake umatha kuuma gwa ngati kamwala.

Mashini amene mukunenawo ndi phaco. Mmene amagwirira ntchito, kunsonga kuli kasingano kamphako kamene kamanjenjemera pafupifupi ka 40,000 pa sekondi imodzi, kamaswa lenzi nkumayamwa tizidutswato. Ng'ala ikakhala yofewa ndi zokoma, mphindi zochepa yatha. Ikakhala youma umafunika mphamvu yambiri komanso nthawi yaitali, ndipo mphamvu imeneyo siipita pa ng'ala pokha. Kuseri kwa cornea, kagalasi kachibadwa kakutsogolo kwa diso kaja, kuli mzere umodzi wokha wa maselo amene amapopa madzi kuti cornea ikhale yoonekera, ndipo maselo amenewa akafa sabadwanso ena. Nde ukalimbana ndi kamwala kaja ndi mashini kwa nthawi yaitali ukhoza kupha ambiri, cornea nkutupa nkuchita chifunga. Komanso kathumba kakumbuyo nkopyapyala zoopsa, pafupifupi ma micron 4, tsitsi lanu nlonenepa kuwirikiza kambirimbiri. Kakang'ambika zinthu zasintha.

Njira ya manja ija dzina lake ndi SICS. Sacheka pa cornea, amacheka pa choyera cha diso, ndipo sangocheka molunjika ayi. Pali kampeni kokhala ngati mwezi wongotuluka kumene, crescent blade, kamene amakumba nako ngalande mkati mwa khoma la diso, kenako kampeni kena kosongoka, keratome, ndiye kamabowola kulowa mkati. Chifukwa choti balalo ndi ngalande osati dzenje, pulesha ya mkati mwa diso imalitseka yokha, nthawi zambiri sipafunika nkusoka komwe. Mtima wa ng'ala umatuluka wathunthu, ena amautulutsa ndi kachida kokhala ngati kasupuni kawaya, vectis, zotsalira amatsuka ndi Simcoe cannula, timapaipi tiwiri tomamatirana kena kothira madzi kena koyamwa.

Ku Nepal anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2007, odwala 108 a ng'ala zokhwima, Sanduk Ruit akuchita ya manja, David Chang wa ku America akuchita phaco, onse akatswiri otheratu. Patatha miyezi 6 mbali zonse ziwiri anthu 98 pa 100 aliwonse ankaona bwino atavala magalasi oyenera. Ya manja inkatenga mphindi 9, ya mashini mphindi 15 ndi theka. Sindikunyoza phaco, inenso ndikuiphunzira ndipo ndimaikonda, koma kunena kuti SICS ndi zachikale nkulakwa.

Zamakono24
Nde ngati zili zofanana mayiko olemera bwanji onse amachita phaco?

DokoWophunzira
Chifukwa anthu ake amapita ng'ala isanakhwime, akangoona kuti usiku magetsi a galimoto akuwathobwa m'maso apita kale. Ndipo zoona bala laling'ono limasokoneza pang'ono kapindikidwe ka cornea nde munthu amaona bwino msanga. Apo ndikuvomerezani. Koma diso la mayi awa si limenelo.

MwanaWachisanu
Adokotala aja ananenadi mawu oti yakhwima kwambiri ine ndimangoti akuzemba. Ndipo mwana wa diso amaonekadi woyera ukawayang'ana.

DokoWophunzira
Ngati ndi yoyera ndiye pali kantchito kena kamene ndimakaopa kuposa kuika lenzi. Kutsegula kathumba kutsogolo kuja sikungong'amba mwachisawawa, umayenera kung'amba kabowo kozungulira bwinobwino mamilimita 5 kapena kupitirira pang'ono kopanda pothera, amati capsulorhexis, anayambitsa Howard Gimbel wa ku Canada ndi Thomas Neuhann wa ku Germany m'zaka za m'ma 1980. Chida chake ndi kopanira kosongoka, Utrata forceps, kapena singano wamba wa jakisoni amene dokotala amamupinda yekha kunsonga. Ng'ala ikakhala yoyera kathumbako sikaoneka nkomwe, choyera pa choyera, nde amathira utoto wabuluu, trypan blue, kuti aone chimene akung'amba. Kabowo kameneka kakazungulira bwino m'mphepete mwake mumagwira kagalasi ngati felemu. Kakathawira m'mbali mtima umagunda.

Kalipentala_Wakale
Mwati singano wopinda yekha? Ine ndimayesa zonse za kuchipatala ndi zochokera ku fakitale. Koma ndikumvetsa, nanenso zida zina zimene ndimadalira kwambiri ndinasula ndekha, zogula zimangokhala mu bokosi.

Mbiri_Yakale
Poti nkhani ya zachikale yatchulidwa lekani ndiponyepo. Kagalasi koyamba kanaikidwa m'diso la munthu ku London, pa St Thomas' Hospital, ndi dokotala Harold Ridley, opaleshoni yake imatchulidwa kuti inachitika pa 29 November 1949. Nzeru anaitenga pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, oyendetsa ndege za nkhondo ankabwera tizidutswa ta pulasitiki ya pawindo la ndege titalowa m'maso, iye nkuona kuti diso silikulimbana nato, tangokhala phee. Pulasitiki imeneyo ndi PMMA yomweyi anesi atchulayi. Kampani ya Rayner ndi imene inamupangira kagalasiko. Madokotala anzake ambiri anamuda zaka zambiri ati ukuika chinthu chachilendo m'diso, ulemu wa Sir anadzaulandira mu 2000 ali nkhalamba, chaka chotsatira nkumwalira.

Phaco anayambitsa Charles Kelman wa ku New York mu 1967, nzeru anaipeza ali pampando kwa dokotala wa mano akutsukidwa mano ndi kachida konjenjemera. Koma choseketsa nchakuti kwa zaka zambiri phaco inalibe phindu lenileni, umaboola pang'ono kutulutsa ng'ala kenako nkukulitsanso bala lomwelo kuti kagalasi kolimba kalowe. Mpaka Thomas Mazzocco atabweretsa kagalasi ka silicone kopindika mu 1984 ndi pamene zinthu zinagwirizana. Nde injector imene a Zamakono24 akuinyadirayo ili ndi zaka zoposa zawo mwina.

Zamakono24
Simukudziwa zaka zanga madala

Wamantha_Ine
Nde mukuti pulasitiki ya ndege ili m'maso mwa anthu? Akamadutsa pa eyapoti sizilira?

NesiWakuFiyeta
Kkkkk sizilira, mulibe chitsulo. Sikachita dzimbiri, sikasungunuka ukayandikira moto, ndipo sikafuna kusintha ngati matayala.

MasoAnayi
Ine funso langa ndi lina pang'ono, amati pali laser, kodi ndi chimodzimodzi ndi lezala? Azakhali anga anakana opaleshoni zaka ziwiri ati sangalole kuti awacheke diso ndi lezala

Kalipentala_Wakale
Kkkkkkkk azakhali sanalakwe kwenikweni, mwamva nokha kuti timipeni tilipo

DokoWophunzira
Laser ndi kuwala, lezala ndi lezala. Anthu ambiri phaco amaitchula kuti laser koma si laser, ndi kunjenjemera kuja. Laser yeniyeni ya ng'ala iliko, femtosecond, inayamba ku Budapest mu 2008 ndi Zoltán Nagy, imacheka bala ndi kabowo ka pakathumba nkugawagawa ng'ala, koma kuyamwa ndi kuika lenzi ndi manja a munthu basi.

MtimaWosweka
Pepani ndisokoneze chisangalalo. Nonse mukukamba ngati zinthu zimangoyenda bwino. Bambo anga anachitidwa ndi mashini omwewo, kagalasi kopinda, injector, zonse zamakono zimene mukunenazi. Tsiku la opaleshoni anabwera akuseka. Mmawa mwake atachotsa bandeji diso linali lofiira, kutsogolo konse kuli mbuu ngati galasi la m'bafa, sankaona olo dzanja. Ndipo sanali okha, anthu atatu amene anachitidwa tsiku limenelo anabwera ndi vuto lomwelo tinakumana pa benchi. Anatipatsa mankhwala odontheza ola lililonse usana ndi usiku, ine ndimatchera alamu. Patapita milungu diso linayera koma mwana wa diso anatsala wotambasuka sabwerera, ndipo mpaka lero amadontheza mankhwala a pulesha. Palibe anatifotokozera chinachitika. Nde ine mukamati mashini mashini ndimangokuyang'anani.

Wotsuka_Zida
Pepani kwambiri achimwene kapena achemwali, nkhani yanu yandikhudza chifukwa ikugwera pa ntchito yanga. Sindingaweruze poti sindinalipo, koma anthu angapo a tsiku limodzi, kutupa kuyamba pasanathe tsiku kapena awiri, zimafanana ndi chimene timati TASS. Si tizilombo ayi, ndi diso kukwiya ndi mankhwala kapena litsiro limene lalowa ndi zida kapena ndi madzi.

Anthu amaganiza kuti chida ukachiphika mu autoclave ndiye chayera. Autoclave imapha tizilombo koma siichotsa sopo, siichotsa jeli wouma. Timapaipi ta Simcoe, cannula, chogwirira cha phaco, ma injector achitsulo obwereza, zonsezi zili ndi mphako yopapatiza moti sungaone mkati. Jeli uja akaumira mmenemo, kapena sopo wotsukira akatsalira, nkukaphika, mawa lake zimakatsukuluzikira m'diso la munthu wina. Nde lamulo lathu ndi loti chida chikangochoka m'manja mwa dokotala chisaume, tizipopa madzi oyera opanda mchere mkati kangapo ndi sirinji kenako mphepo kuti chiume. Ndi ntchito yotopetsa ndipo palibe amakuthokoza, masiku amene odwala achuluka anthu amafuna kudumpha. Ine ndinakanganapo ndi dokotala chifukwa chokana kupereka seti imene sindinamalize, anandikalipira pamaso pa anthu koma sindinapereke.

Komanso zidazi nzosalimba, nsonga ya Utrata ukangoigunditsa pa beseni yapindika sigwiranso kathumba. Timaziika pa kamphasa ka silicone chilichonse pachokha. Za titanium nzopepuka ndipo sizichita dzimbiri koma nazonso zikagwa pansi zapita.

MtimaWosweka
Ndine mwamuna. Zikomo akulu, zaka zinayi aka nkoyamba munthu kundiuza chinthu chomveka.

DokoWophunzira
Ndiwonjezere kuti anthu asasokoneze. Pali vuto lina loopsa kuposa limeneli, tizilombo kulowa mkati mwa diso, endophthalmitis. Limeneli kawirikawiri limayamba patatha masiku atatu mpaka sabata, diso kuwawa kwambiri, kufiira, kuona kukuchepa. Achemwali a MwanaWachisanu mukadzaona zimenezi osadikira tsiku la cheki, kuthamanga tsiku lomwelo. Podziteteza timatsuka diso ndi povidone iodine tisanayambe ndipo ambiri amathira antibayotiki mkati mwa diso pomaliza.

AgogoAPaIntaneti
Jeli jeli mukunenayu ndi wodzola uja?

NesiWakuFiyeta
Ayi agogo musakayesere kunyumba chonde kkkk. Ndi madzi onanda oonekera, viscoelastic. Diso ukaliboola limafuna kuphwa ngati chubu, nde jeliyu amalitukumula kuti pakhale malo ogwirira ntchito, amaphimbanso maselo aja adokotala anena, ndipo amatsegula kathumba kuti kagalasi kapeze polowa. Kwa ine ndi chida ngati zinzake ngakhale ali mu sirinji. Pomaliza ayenera kuyamwidwa yense mpaka kuseri kwa kagalasi, akatsalira pulesha ya diso imakwera usiku womwewo munthu mutu kuwawa mpaka kusanza.

Mbiri_Yakale
Woyamba wake anali Healon, anatuluka cha mu 1980, ndipo ankapangidwa kuchokera ku lipombo la tambala. Sindikunama.

Wamantha_Ine
Ndege, mano, tsopano tambala. Ine ndikutuluka mu gulu muno

Kalipentala_Wakale
Ukatuluka uzikaona ndi chani ukadzakalamba, khala pansi aise

MasoAnayi
Nkhani ya magalasi bwanji, ine ndatopa nawo kuyambira ndili sitandade 4, mvula ikagwa sindiona, ndikalowa mnyumba yotentha achita nthunzi. Sangangondiika kagalasi kameneka ndithane nazo?

Zamakono24
Gulani ma contact

MasoAnayi
Ndinayesa ndinalephera kudzigwira m'diso

DokoWophunzira
Zimatheka koma ngati mulibe ng'ala ndipo ndinu wachinyamata si nkhani yophweka, lenzi yanu yachibadwa imatha kusintha kuona patali ndi pafupi, yopangayi siitha, mukhoza kutaya magalasi a patali nkutola owerengera. Tsegulani nkhani yake payokha, apa tithandize mayiwa kaye.

Mphunzitsi_Wopuma
Ine ndachitidwa maso onse awiri nde ndilankhule ngati mwini thupi. Mwana wanga MwanaWachisanu, pa zonse zanenedwa muno palibe watchula chimene chinandipweteka ine. Diso loyamba opaleshoni inayenda bwino, bala linapola, dokotala akuyang'ana amati zokongola. Koma ine patali sindimaona bwino mpaka nditavala magalasi okhuthala. Chifukwa chake nchakuti sanandiyeze, mashini oyezera anali atawonongeka nde anangoika kagalasi ka mphamvu imene amaika anthu ambiri. Diso langa linali lalitali kuposa la anthu ambiri. Lachiwiri anandiyeza, ndimaona nalo mpaka nambala ya galimoto patali. Tsopano maso awiri amakangana, lina likuti uku lina likuti uko.

Nde iwe usalimbane ndi zoti kopanira kapena injector. Ukafunse kuti amayi awayeza? Pali kachida amagusa nako diso kuyeza kutalika kwake ndi kena koyeza kupindika kwa kutsogolo. Akayeza amalemba nambala papepala. Ukaione ndi maso ako nambala imeneyo.

DokoWophunzira
Aphunzitsi anena zoona zokhazokha. Timati biometry. Diso la munthu wamkulu limakhala mamilimita 23 kapena 24 kutalika, ndipo ukaphonya ndi milimita imodzi yokha magalasi ake amasokonekera ndi ma dioptre (muyeso wa mphamvu ya magalasi) pafupifupi 2.5 mpaka 3. Anthu ambiri amafuna kagalasi ka pakati pa +20 ndi +22 koma si onse, ena 10 ena 28. Ng'ala ikakhala yokhwima mashini oyeza ndi kuwala amalephera kudutsa, nde amagwiritsa A-scan ya ultrasound, kogusa kaja aphunzitsi anena.

NesiWakuFiyeta
Ndipo ku fiyeta tisanatsegule bokosi timawerenga mokweza dzina la wodwala, diso liti, mphamvu yanji, dokotala nkuvomera. Zimaoneka ngati zachibwana koma mabokosi aja amafanana onse.

China chimene ophunzira amalakwitsa, kagalasi kali ndi kumaso ndi kumbuyo. Ukakayang'ana mu maikulosikopu timiyendo tija tizioneka ngati S wotembenuza, kaya tinene Z. Tikaoneka ngati S weniweni ndiye kuti kagona chagada. Zimachitika kakatembenuka potuluka mu injector, makamaka amene anakaika mu cartridge akapinda molakwika kapena jeli wachepa. Ndinaonapo kamwendo katapanikizika ndi chokankhira nkuduka, dokotala anachita kudula kagalasi konse ndi kasizasi mkati mwa diso nkukatulutsa zidutswa nkuika kena. Nde injector nayo ili ndi tsiku lake loipa a Zamakono24.

Zamakono24
Chabwino chabwino mwandiunjikira. Koma ine diso langa likadzafuna ndi phaco basi.

DokoWophunzira
Mudzapite msanga isanakhwime mudzaipeza. Ndipo poti ndinu bambo, ngati mudzakhale mukumwa tamsulosin wa vuto la kukodza mudzanene. Amafewetsa iris, kanyama kabulauni kozungulira mwana wa diso kaja, mwana wa diso amakana kutambasuka, timachita kukonzekeratu tingowe tokokera m'mbali kapena kamphete kotchedwa Malyugin ring. Olo munasiya kumwa kalekale mudzanenebe.

Zamakono24
Ndani wakuuzani kuti ndili ndi vuto la kukodza

Kalipentala_Wakale
Kkkkkkkkk ayankha mwachangu bwanji

Nachisale_wa_Gulu
Ine amayi anga anachitidwa zaka zitatu zapitazo ankaona bwino koma pano akuti chifunga chabwerera. Ng'ala imameranso eti? Kapena kagalasi kada kakufunika kukatsuka?

DokoWophunzira
Siimeranso mayi, lenzi yachibadwa inachoka basi. Chimachitika nchakuti maselo otsalira amayala pa kathumba kakumbuyo kaja nkukachititsa mbuu. Apa ndiye pamagwira laser yeniyeni, YAG, munthu amangokhala pampando kutsamiritsa chibwano, dokotala amaboola kawindo pakati pa kathumbako, mphindi zochepa osacheka chilichonse. Koma akawaone kaye, chifunga china chimachokera kumbuyo kwa diso makamaka ngati ali ndi shuga.

MwanaWachisanu
Anesi nanga kathumba kaja kakang'ambika kagalasi amakaika pati? Ndikufunsa kuti ndidziwiretu zoipa zomwe.

NesiWakuFiyeta
Njira zilipo. Kakang'ambika kumbuyo kokha amatha kukakhazika patsogolo pa kathumba kuseri kwa iris, pamenepo pamafunika kagalasi ka timiyendo topyapyala tolumikiza, ndipo ka PMMA kamene akufuna kuika amayi anu kamakhalapo bwino. Kathumba kakatheratu pali kagalasi kena koika kutsogolo kwa iris, kapena komangirira ku choyera cha diso ndi ulusi. Nchifukwa chake patebulo sitikhala ndi kagalasi kamodzi, timasunga kapadera. Pena dokotala amasankha kutseka kaye osaika kanthu nkudzaika tsiku lina diso litakhazikika, zikatero musaganize kuti wakuberani.

MwanaWachisanu
Ndabwerera abale patatha sabata ziwiri. Ndinapita nkukafunsa za kuyeza kuja aphunzitsi, adokotala anandiyang'ana kaye nkuseka ati mwaphunzira kuti zimenezi, kenako anandionetsa pepala, +21.5. Opaleshoni inachitika Lachiwiri lapitalo, amayi akuti sanamve kuwawa kupatula jakisoni wa dzanzi, amangoona kuwala ndi madzi ozizira akuyenderera kukhutu, nkumamva dokotala akuitanitsa zinthu za mayina achilendo. Sanasoke. Mmawa mwake atachotsa bandeji anakhala chete kanthawi ine mtima uli m'mwamba, kenako anandiyang'ana nkunena kuti iwe imvi zimenezi zinayamba liti. Kufika kunyumba ayamba kuloza makatani ati akuda, ndinawachapa sabata yathayi ine.

Diso likadali lofiirira pamwamba pomwe anachekapo ndipo akuti likumveka ngati muli kamchenga, tikudontheza mankhwala motsatira nthawi. Atipatsa kakhadi kolembapo mtundu wa kagalasi ndi nambala yake. Chomwe chandiseketsa, akuti lakumanzere ng'ala yake ikadali yofewa nde limenelo adzachita ndi mashini, kagalasi kopinda.

Zamakono24
NDINANENA INE

DokoWophunzira
Munanena za diso lolakwika akulu. Achemwali kakhadiko musataye, mudzapite nako pa diso lachiwiri, ndipo mudzawakumbutse ayezenso lakumanzere palokha asadzangokopera 21.5.

Wotsuka_Zida
Kamchengako nkabwinobwino masiku oyamba bola kasamawonjezeke. Asatikite, madzi a sopo asalowe posamba, ndipo kansonga ka botolo la mankhwala kasamakhudze diso kapena zala zanu.

Wamantha_Ine
Jakisoni wa dzanziyo amabaya pati

MwanaWachisanu
Iwe usafunse